Mtanda wa Abambo ku Merlens

Merlens, 27 Sepitembala 2004

Amayi okondedwa,

Moni kwa inu ndi kwa Azakhali a Deolinda amene akukuwerengerani kalatayi. Ndikhulupirira kuti chiuno chija sichikukuvutitsani kwambiri pamene kwayamba kuzizira. Ine kuno ndili bwino. Manja anapola. Mayi Périsset, mkazi wa abwana anga, anandigulira magolovesi ofika m'zigongono, ndiye madzi amchere otsukira tchizi sakundidyanso khungu.

Nkhani imene inkandisowetsa mtendere ija yatha bwino. Dzulo anthu avota, ndipo kuyambira Januwale khonsolo ya Merlens iphatikizidwa ndi ya Avrens. Panalibe kuchitira mwina. M'mudzi muno mwatsala anthu osakwana zana limodzi ndi theka, ndipo alimi obweretsa mkaka kufakitale yathu ya tchizi, amene ndinawapeza khumi ndi mmodzi zaka zitatu zapitazo, atsala asanu ndi awiri. A Chassot akhala meya kuyambira kalekale chifukwa palibe wina wofuna. Ine ndinkaopa kuti akaphatikiza makhonsolo atsekanso fakitale. Lero m'mawa ndinalimba mtima n'kufunsa Bambo Périsset. Anaseka.

"Ng'ombe sizinavote, Graciete. Mawa mkaka ubwera ngati masiku onse. Tiye, katembenuze tchizi."

Ndinapita kuseri kukapuma kaye.

Wokwiya ndi Bambo Gaston, mdala uja amasesa misewu ndi kukumba manda. Anabwera kudzagula batala akulalata.

"Agogo athu ankamenyana ndi a ku Avrens pa madansi, lero ife tikukawagwadira kuti azititolera zinyalala!"

"Iwe Gaston," anatero Bambo Périsset, "mkazi wako si wa ku Avrens kodi?"

"N'chifukwa chake ndikuwadziwa."

Ndapatsira a Horácio, aja oyendetsa minibasi yopita kwathu, mafranki mazana atatu ndi tchizi pang'ono. Mugule nkhuni zisanadule. Mbuzi musagulitse. Adokotala akanena kuti opaleshoni ndi ya mu Januwale, chonde musaisunthenso, chifukwa a Horácio akusungirani mpando wakutsogolo mu minibasi yawo ya mu Ogasiti, kuti mwendo uzidzawongoka. Mwadikira zaka makumi awiri ndi chimodzi kuti mudzaone pamene Abambo anagona. Chaka chamawa mudzapaona.

Manda ndikuwasamala. Ndapaka utoto mtanda wachitsulo uja, ndipo dzina likuwerengeka bwino tsopano: Abílio Paiva. Bambo Gaston anandipeza ndikupaka. Anaima, anayamba kunena kanthu, kenaka anangoti, "Utoto wabwino," n'kuchoka. Mwina ndi mkwiyo womwewo.

Ndine mwana wanu,
Graciete

Merlens, 19 Okutobala 2004

Amayi okondedwa,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino ndithu, musade nkhawa ndi thupi langa. Azakhali, kalata iyi muyambe mwaiwerenga nokha, kenaka musankhe nthawi yabwino. Ndailemba kawiri, yoyamba ndinang'amba.

Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi ndinapeza kachikhomo kachikasu katazikidwa pa manda a Abambo, ndi pa manda ena onse a mzere umenewo. Mayi Odile, mkazi wa Bambo Gaston, anali pomwepo akuthirira maluwa. Ndinangoloza. Anaika chitini pansi.

"Sanakuuze mdala wanga? Wamantha uja. Pakamwa pokha ngati belu."

Akuti lamulo la kuno ndi loti manda amakhala zaka makumi awiri, kenaka amawachotsa kuti malo apezeke. Ku Merlens sankalitsatira chifukwa anthu ndi ochepa, maliro amachitika mwa apo ndi apo, malo ndi ambiri. Koma a ku Avrens amalitsatira, ndipo kuyambira Januwale manda ano adzakhala m'manja mwawo. Mzere wa Abambo udzachotsedwa mu Malichi.

Amayi, ndinaganiza za tsiku lija anatsegula manda a Agogo, monga amachitira kwathu zaka zikakwana, inu mutaima pomwepo ndi nsalu yoyera kulandira mafupa. Ndinadzifunsa kuti kuno adzalandira ndani, ndipo akapanda kupeza munthu adzawaika kuti. Sindinathe kufunsa. Ndinapita kunyumba, sindinadye.

Dzulo Mayi Odile anabwera kufakitale, anandiyang'ana nkhope, anandikokera panja.

"Mwana iwe, ukuganiza kuti tikumba bambo ako? Ife si afisi. Munthu sitimukhudza. Timangochotsa mwala kapena mtanda, n'kubzala kapinga. Akagona, wagona."

Ndinalira pomwepo, nditavala epuloni, koma kunali kulira kwa mpumulo. Ndiye mumve bwino: Abambo palibe adzawakhudze. Zimenezi ndafunsa kawiri kuti nditsimikize.

Chatsala ndi ichi: mukadzafika mu Ogasiti simudzapeza mtanda, simudzapeza dzina, koma kapinga yekhayekha. Akuti mtanda nditha kuutenga. Koma inu simukubwera kudzaona chitsulo. Ndikuganizabe. Musauze anthu kwathu uko zisanadziwike bwino.

Denga la khola mulipezere munthu mvula isanakule. Sopo wa mafuta a azitona uja mundipatsire a Horácio.

Mwana wanu,
Graciete

Merlens, 7 Novembala 2004

Amayi okondedwa,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kuti mwaimva nkhaniyi popanda kudwala nayo. Ine ndili bwino, kachifuwa pang'ono chabe.

Koma zoti musiye opaleshoni n'kukwera minibasi mwezi uno, ayi Amayi. Pepani kuti ndikukukanizani, sindinachitepo. Ulendo wake ndi wautali, chipale chofewa chayamba kugwa m'mapiri, ndipo inu mukulephera kufika ngakhale kuchitsime. Mukasiya tsiku lanu ku chipatala, adzakuikani kumapeto kwa mzere. Azakhali, chonde muwagwire. Ndauzanso a Horácio kuti asakunyamuleni.

Pa tsiku la Oyera Onse mudzi wonse unali kumanda. Ndinkayembekeza kuti eni ake a mzere uja akhala okwiya ngati ine. Ayi ndithu. Bambo Magnin, amene anali wa positi asanapume, amayi awo ali mzere womwewo. Anaika maluwa, anayang'ana kachikhomo kachikasu, anati, "Nthawi yakwana, zili bwino." Mwala akuti akauika m'munda mwawo pafupi ndi mapeyala. Ena ankakambirana mtengo wa mkaka. Ndinazindikira kuti nkhaniyi ndi yanga ndekha.

Ofesi ya khonsolo amatsegula Lachiwiri madzulo okha. Ndinapita, ndinafika pakhomo, ndinamva amuna akuseka m'katimo, ndinabwerera. Mukundidziwa. Mawu a Chifalansa ndimawadziwa ndikakhala ndi tchizi, koma pamaso pa anthu amathawa.

Mwamwayi a Chassot anandiona pawindo. M'mawa mwake atabweretsa mkaka wawo anandiitana.

"Graciete, dzulo unabwera kudzayeza chitseko chathu? Chikukwana?"

Ndinawauza, pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anakanda mutu. Akuti iwo okha sangasinthe kanthu. Koma pa 10 Disembala kudzakhala msonkhano womaliza wa anthu a Merlens, ndipo mu mgwirizano wawo ndi a ku Avrens munalembedwa kuti chimene Merlens agamule chaka chisanathe, khonsolo yatsopano idzachilandira momwemo. Ine ndine mlendo, sindingavote, sindingapemphenso kuyankhula. Koma wina wa m'mudzi atha kuyambitsa nkhaniyo, ndipo meya atha kufunsa funso kwa aliyense amene ali m'chipindamo.

"Udzabwere ndi tchizi," anatero. "Munthu wonyamula tchizi sitimuthamangitsa."

Ndiye mpata ulipo, Amayi. Mtima wakhalako pansi. Mayi Odile andilembera mawu oti ndidzanene, ndipo ndikuwayeserera m'chipinda chapansi pamene ndikutsuka tchizi. Tchizi sizindiseka.

Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa ndagula nsapato za m'chipale. Mundikhululukire.

Mwana wanu,
Graciete

Merlens, 12 Disembala 2004

Amayi okondedwa,

Moni, ndipo ndiyambe ndi chachikulu kuti Azakhali asathamange powerenga: mtanda sukuchoka. Mudzaupeza. Ine ndili bwino, ndipo dzulo ndadya ngati munthu wochoka kumunda.

Msonkhano unali m'kalasi ya sukulu yakale, imene anaitseka ana atachepa. Akuluakulu anakhala pa timipando ta ana, mawondo m'mwamba. Ine ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko ndi mbale za tchizi. Anayamba ndi za msewu, za pompi, za amene asunge mbendera ya mudzi. Kenaka a Chassot anafunsa ngati pali zina. Mayi Odile anabaya Bambo Gaston ndi chigongono, iwo n'kuimirira.

Anati Abílio Paiva anafa atagweredwa ndi mtengo m'nkhalango ya khonsolo, akudula matabwa a denga la kalasi yomweyo. Anati mudzi ndi umene unamuika, ndiye manda ake asiyidwe mpaka kalekale, ngati a ansembe amene ali pakhoma la tchalitchi.

Bambo Magnin anaimirira.

"Amayi anga anabadwira muno, anafera muno, mwala wawo ukuchoka. Munthuyu ndinkamudziwa, ndinkamunyamulira makalata, anali wabwino. Koma lamulo ndi lamulo."

"Lamulo la ku Avrens!" anakuwa Bambo Gaston. "Wayamba kale kuwavulira chipewa chaka chisanathe?"

Bambo Magnin anati, "Khala pansi, Gaston. Udikire ndimwalire kaye, ndiye udzandilalatire bwino ndili chete."

"Malo ako ndinasankha kale. Pafupi ndi pompi, pamatope paja."

Anthu anaseka, koma ndinaona mitu yambiri ikuvomereza za Bambo Magnin. Sindinawade. Ankanena zoona.

Pamenepo a Chassot anati ali ndi funso kwa mwana wa malemuyo. Onse anatembenuka. Amayi, mawu onse a Mayi Odile anathawa. Mpeni unagwa pansi kuchoka m'mbale. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Amayi anga sanawaonepo. Akubwera mu Ogasiti." Basi. Ndinafuna kuonjezera, koma panalibe china.

Bambo Magnin anavula magalasi.

"Sanabwerepo? Ngakhale pa maliro?"

Ndinati ayi. Ndinati uthenga unafika kwathu ataikidwa kale, ine ndili wakhanda, ndipo ulendo sukanatheka.

Anakhala pansi. Ndinaganiza kuti zatha. Kenaka anaimiriranso, akulankhula ngati akuwerenga keyala pa envulopu.

"Zaka makumi awiri zija si za wakufa. Wakufa sawerenga. Ndi za abale, zoti azibwera kudzalira ndi kubzala maluwa. Ine zanga ndadya zonse, mpaka ndi zoonjezera. Mayiyo sanayambe n'komwe. Zoti mpaka kalekale musalembe, si chilungamo, ndipo a ku Avrens adzapeza njira yozifafanizira. Lembani kuti zaka za Abílio Paiva zidzayamba kuwerengedwa tsiku limene mkazi wake adzaime pamandapo. Lamulo likhale lomwelo."

"Ndiye kuti a ku Avrens azidzatchetcha kapinga mozungulira mtanda umodzi kwa zaka makumi awiri?" anafunsa Bambo Gaston.

A Chassot anati inde.

"Kwezani manja, anthu inu, musachedwe!" anakuwa Bambo Gaston.

Manja anakwera. Sindinawerenge, maso anali atadzaza misozi, koma Mayi Périsset akuti ngakhale ogona anadzutsidwa. A Chassot anati chimenecho ndiye chigamulo chomaliza cha khonsolo ya Merlens, ndipo anatseka buku. Ena mwa akuluakulu anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anapempha tchizi.

Ndinapita kukathokoza Bambo Magnin. Anati, "Usandithokoze, mtsikana. Uwauze amayi ako abwere ndi chitupa chawo, tsikulo lilembedwe bwino."

Tsopano pitani ku opaleshoni ndi mtima umodzi. Khirisimasi sindibwera, abwana alibe wina wondilowa m'malo. Ndapatsira a Horácio chokoleti cha ana a Azakhali ndi masokosi anu aubweya.

Mwana wanu,
Graciete

Merlens, 20 Malichi 2005

Amayi okondedwa,

Moni. Azakhali andiuza pa foni kuti mwayamba kuyenda ndi ndodo imodzi mpaka kutchalitchi. Ndathokoza Mulungu. Musanyamule madzi, ngakhale mukumva bwino. Ine ndili bwino. Pepani kuti ndakhala chete. Mlimi wina wagulitsa ng'ombe zake, ndipo masabata ena abwana sankayankhula. Koma tsopano alimi awiri a ku Avrens ayamba kubweretsa mkaka wawo kuno, ndiye ntchito ilipo, yachulukanso.

Sindinafune kulemba mpaka nditaona ndi maso anga. Lachitatu anabwera anthu a khonsolo yatsopano ndi kagalimoto konyamulira miyala. Ndinapempha kuti ndituluke pang'ono. Ndinapeza Bambo Gaston ataima kale kutsogolo kwa mtanda wa Abambo, fosholo ili m'manja, ngati msilikali. Woyang'anira ntchitoyo, bambo wodekha wa ku Avrens, anawayang'ana n'kunena kuti, "Madala, tikudziwa. Uwu sitikhudza. Tatiyeni mutithandize mbali iyi." Ndikuganiza kuti Bambo Gaston anakhumudwa. Anali atakonzekera nkhondo kuyambira Disembala.

Anagwira ntchito mwaulemu. Pofika madzulo mzere wonse unali dothi losalala, atafesa kapinga. Mtanda wa Abambo waima wokha pakati. Poyamba ndinachita manyazi kuuona choncho, ngati munthu amene watsala chiimire anzake onse atakhala pansi. Koma ulipo.

Bambo Gaston akuti ndikuuzeni kuti musafulumire kubwera. Akuti mukachedwa zaka khumi, a ku Avrens avutika zaka makumi atatu. Mayi Odile anawamenya ndi nsalu ya mbale. Musawamvere, Amayi. Bwerani.

Za ulendo: chitupa chanu chikhale m'thumba la m'kati, osati m'chikwama. Mankhwala akhale pafupi. A Horácio akaima, muzitsika n'kuyendako pang'ono ngakhale simukufuna. Musanyamule mbatata, kuno ziliko. Mudzagona pabedi langa, ine Mayi Périsset andibwereka matiresi.

Mwana wanu,
Graciete

Merlens, 4 Sepitembala 2005

Amayi okondedwa,

Moni. A Horácio andiuza kuti munafika bwino, ndipo munagona njira yonse kuchokera ku malire. Mwendo uli bwanji? Ine ndili bwino. Chipinda chakula kuyambira pamene munachoka. Mpango wanu wakuda munauiwala kuseri kwa chitseko. Ndikutumizirani ulendo wamawa, kapena wotsatira.

Munandifunsa zimene Bambo Magnin ananena tsiku lija kumanda, pamene anabwera atavala taye n'kuima chapatali ndi a Chassot, ndipo ine sindinathe kukumasulirani chifukwa ndinali ndikulira. Anati, "Musawasokoneze. Tilemba akamaliza." N'chifukwa chake anadikira mpaka munanyamuka. Zimene munkauza Abambo sindinamve, ndinapita dala kupompi. Tsiku linalembedwa 15 Ogasiti. Mtanda udzakhalapo mpaka 2025.

Nthambi ya maluwa ofiira a pakhonde pathu ija munabzala pamanda yagwira. Yatulutsa timasamba tiwiri. Kukayamba kuzizira ndidzaiika mu chitini n'kuilowetsa m'nyumba, chifukwa kuno singapirire chipale. Dothi lija munabweretsa lasakanikirana ndi la kuno, silikuonekanso.

Pali chinthu china ndikufuna mudziwe. Kapinga wamera bwino, ndipo mzere wonse uja tsopano ukuoneka ngati bwalo. Palibe angadziwe kuti uyu anagona apa, uyu apo. Lero nditatuluka m'tchalitchi ndinaona Bambo Magnin akulowa kumanda. Anafika pa mtanda wa Abambo, anavula chipewa, anatembenukira kumanzere, n'kuyenda pang'onopang'ono akuyang'ana pansi, mpaka anaima pakapinga popanda kanthu. Anakhala pamenepo nthawi ndithu. Mayi Odile akuti si iwo okha. Onse a mzere uja amatero, amayambira pa Abambo kuti apeze awo.

Atandiona anavala chipewa msanga, ngati ndawagwira akuba mapeyala.

"Ndimangodutsa," anatero.

Ndinati inde, Bambo.

Anayang'ana mtanda, anayang'ana ine.

"Utoto wayamba kusuluka m'munsimu. Usadikire dzimbiri. Bambo ako akugwirabe ntchito ya mudzi."

Ndagula kale utoto, Amayi. Ndikapaka Loweruka.

Ndine mwana wanu,
Graciete